Chithaphwi cha Lumo

"Matayala m'bafa? M'bafa mwenimweni, a Lumo? Ndiye ine ndikasambe kuti, pamsewu? Chotsani zinthu zanuzi ndisanaziponye pawindo, ndipo mukachedwa ndiponya ndi mwini wake yemwe!"

Ameneyo anali mkazi wa Lumo, Lachisanu m'mawa, thaulo lili paphewa, mawu akumveka mpaka kwa aneba a pamwamba. Lumo anali atagwada pambali pa bafa, manja ali m'madzi otentha, akutobwanya tayala la njinga yamoto kuti amve ngati mphira wafewa. Maso ake sanali pa tayala, sanalinso pa mkazi wake. Anali pa kawindo ka kubafako, pomwe mtambo wakuda unkadutsa mwaulesi.

"Ibwera," anatero.

"Ndani?"

"Mvula."

"Ine ndikunena zosamba, inu mukuti mvula. Ndiye mwati ndikaime panja ndi sopo?"

Lumo ndi wometa. Dzina lakelake ankaliitana ndi mayi ake okha, ndipo chimwalirireni iwo palibe amalikumbuka. Shopu yake ndi kachipinda kopanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa nsapato. Muli mipando iwiri, wina wothyoka chotsamira, ndi galasi losweka pangodya lomwe limagawa mutu wa kasitomala pawiri. Pamwamba pa galasilo pali shelefu ya mafuta ndi maburashi, koma pakati pake pali malo opanda kanthu. Lumo amapapukuta m'mawa uliwonse asanasese n'komwe. Ndi malo a chikho cha mpikisano wa njinga, chomwe sanapambanebe. Makasitomala amadziwa, ndipo samusiya.

"Chikho chikuwalatu lero, a Lumo. Mwachipaka chiyani?"

Iye amangoseka, n'kumupinda munthuyo khutu mwamphamvu pang'ono kuposa mmene kumeta kumafunira.

Kuseri kwa mafakitale kuli msewu wakale wozungulira, komwe anthu wamba amapikisana pa njinga zamoto. Si akatswiri a pa kanema ayi. Ndi ogulitsa nkhuku, owotcherera zitsulo, wina wophunzitsa galimoto, anthu oti Lolemba amadzuka ndi msana wowawa n'kupita kuntchito. Lumo wakhala akupita kumeneko kuyambira tsitsi lake lisanayambe imvi. Njinga yake anaitola kwa wogulitsa zitsulo zakutha, naidzutsa pang'onopang'ono, ndipo aliyense amaitcha Nkhalamba. Dzuwa likawala, Nkhalamba imafika pomaliza woimika mbendera atayamba kale kuipinda. Zimenezo n'zoona, palibe akukana. Koma wina asabwere pano n'kunena kuti Lumo sadziwa kuyendetsa. Wotero abwere adzanene pamaso, osati kuseri kwa galasi la galimoto. Injini yaikulu aliyense angagule. Dzanja siligulidwa. Munthu woyendetsa lumo pakhosi pa mnzake tsiku ndi tsiku, mnzakeyo akuseka, akutsokomola, akutukwana za mpira, koma osamucheka, ndiye mukuti angalephere kupatsa njinga moto mofatsa pamsewu woterera? Mvula ikagwa, a mainjini aakulu amasanduka ana ophunzira kuyenda, ndipo Lumo amawadutsa ngati aima.

Tsoka lake n'lakuti mvulayo inkagwa Lachitatu, kapena Lolemba mpikisano utatha. Pa tsiku lenileni, kumwamba mbee.

Ndiye chaka chatha anagwa, dzuwa likuswa mtengo, n'kuthyoka dzanja lometera lomwelo. Shopu inatsekedwa, iye ali ndi chikhakha, akuyendayenda m'nyumba ngati galu womangidwa. Nyumba inayendera makina osokera a mkazi wake, amene ndi telala, ndipo ndi yemweyo amasoka suti yachikopa ya mwamuna wake ikang'ambika. Tsiku lomwe chikhakha chinachoka, mayiyo anayala sutiyo patebulo.

"Taonani. Ndikusoka chigamba pamwamba pa chigamba. Singano ilibenso pogwira. Inu ndikusokani ndi chiyani mukang'ambika?"

Anagwirizana kuti watsala mpikisano umodzi, basi. Mayiyo anatenga hamala, nakhomera yekha msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

"Chisoti chanu cha njinga chidzakhala apa. Msomali uwu si wa kalendala."

Mpikisano umodziwo unali wa Lamlungu likubwerali. Zikho zimaperekedwa kwa atatu oyamba, ndipo Lumo sanafikepo pafupi n'komwe. Ndiye mukumudabwa chiyani kuti matayala anali m'bafa? Matayala a mvula enieni analibe. Iye amafewetsa akewo m'madzi otentha, kenako n'kuwalemba mizere ndi lumo lotenthetsa pamoto, kuti madzi azipeza pothawira.

Lachisanu limenelo kushopu sikunametedwe bwino. Lumo ankameta mbali imodzi ya mutu, n'kutuluka panja kukayang'ana kumwamba, n'kubwerera, n'kuiwala pomwe analekezera. Tayala linali pa mpando wothyoka uja, fungo la mphira wopsa lili tho m'chipinda monse. Chakumasana kunalowa Wankhuku, mnzake wa kumpikisano, mwini njinga yofiira yatsopano komanso pakamwa posatseka.

"Akuti ukupuma ntchito, m'dala? Tikugulire ndodo?"

"Khala pansi, iwe. Ndevu zako zikuoneka ngati nkhuku yonyowa."

"Nkhalamba ikudwala chiyani masiku ano, chifuwa chija chinatha?"

"Usalankhule, lumo lili pakhosi."

"Ndikamaliza Lamlungu ndidzakudikira. Ndidzabwera ndi mpando."

Nthawi yomweyo dontho loyamba linagunda pa malata a khonde. Lumo anasiya munthu ali ndi thovu kumaso, natuluka, n'kutambasula manja pakati pa msewu. Wokonza mafoni anasuzumira pakhomo pake n'kupukusa mutu.

Loweruka ndi tsiku loyeserera, pomwe amaonanso woti adzaime kutsogolo poyamba mpikisano. Mvula inali isanapume chiyambire. Amene ananyamula Nkhalamba anali achimwene ake a Lumo, pa kagalimoto kawo kodzaza mapaipi ndi mawaya otsegulira ngalande. Iwowa ndi pulambala. Ndi amene analera Lumo bambo awo atamwalira, ndipo mpaka lero, mng'ono wawo ali ndi imvi, amamutchabe mwana. Ndi munthu wabwino, tisanamizane, koma ali ndi matenda amodzi: madzi oima kapena odontha sangawapirire. Atapita kukaona Lumo kuchipatala dzanja litathyoka, anasowa, n'kukapezeka atagwada kuchimbudzi cha odwala, akukonza thanki popanda wowatuma.

"Iwe mwana, anthu anzeru ali m'mabulangete," ankatero akupukuta galasi la galimoto ndi chikhatho. "Ife tikupita kukasaka imfa."

"Yendetsani, achimwene. Mukuyenda ngati mwanyamula mazira."

Msewu wa mpikisanowo uli ndi kona ina kumunsi, yomwe oyendetsa amaitcha Pabeseni. Mvula ikagwa, madzi onse amatsikira pamenepo, chifukwa ngalande yake inatsekeka kalekale, ndipo pamakhala chithaphwi chachikulu mkati mwa kona. Aliyense amachiopa. Amaponda mabuleki patali, n'kuzungulira chakunja mochenjera, njinga ili chilili. Koma Lumo ankadziwa chinthu chimodzi chimene sanauzepo munthu. Chaka china, anthu onse atathawira mvula m'mashedi, iye anavula nsapato n'kulowa m'chithaphwicho. Mapazi ake anapeza kamzere ka phula lokwera, kotsala pomwe anakonzapo msewu kale, kopapatiza ngati thaulo lopinda. Pamenepo madzi sankafika n'komwe m'kakolo. Ukaloza njinga pa mzati wa magetsi wopendekeka womwe uli kuseri kwa mpanda, umayenda pa kamzereko kuyambira polowa mpaka potuluka, osachepetsa moto. Chinsinsi chimenechi anachisunga zaka zonsezi ngati dzino lagolide. Mkazi wake sankachidziwa. Achimwene ake ndiye sakanawauza n'komwe, poti iwo amakonza mipope kunyumba kwa Wankhuku, ndipo akapatsidwa tiyi amalankhula zonse.

Tsiku limenelo Lumo anauluka. Ena akuzungulira Pabeseni ngati akulambalala galu wolusa, iye ankalowa pakati penipeni, madzi n'kuimirira mbali zonse ngati makoma, njinga ndi munthu n'kusowa, kenako n'kutulukira kutsogolo kwa onse. Anthu a m'mashedi anatuluka ndi maambulera kudzaonerera. Wankhuku anayesa kumutsatira kamodzi, anaphonya kamzereko, nakhala pansi m'madzi mpaka m'chiuno, njinga yofiira ikufuka nthunzi pambali pake. Pomaliza, wogwira wotchi anafuula kuti mawa woima kutsogolo ndi Lumo. Nkhalamba kutsogolo! Ena anaseka mpaka kugwira mpanda.

Achimwene okha sanaseke. Anali ataima tsiku lonse pampanda wa Pabeseni, chipewa chikudontha, ndipo nthawi iliyonse mng'ono wawo akasowa m'madzimo, ankatseka maso. Lumo atatsika panjinga, akunjenjemera ndi kuzizira komanso chimwemwe, achimwenewo anamugwira pamkono.

"Iwe mwana, madzi aja amatulukira kuti?"

"Kaya, achimwene. Ndipatseni sipanala."

"Payenera kukhala ngalande pamenepaja."

"Sipanala, achimwene!"

Anamupatsa sipanala. Sanafunsenso.

Lamlungu kunacha kukuwaza. Lumo anadzuka asanagone mokwanira, natsegula windo, nalitseka, nalitsegulanso. Anavala nsapato imodzi n'kuyamba kufunafuna magolovesi omwe anali m'thumba mwake. Achimwene anali atatumiza uthenga kuti atsogola, akapezana komweko, ndipo Nkhalamba inali itagona kushedi. Chodabwitsa chinali mkazi wake. Iye amene anali asanapondeko kumpikisano chikwatiwire, anatuluka kuchipinda atavala jekete la mvula, chikwama chili m'khwapa.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Kukatenga chisoti changa. Mukuganiza ndikukhulupirirani kuti mubwera nacho nokha?"

M'basi mayiyo anakhala pampando, sutiyo ili pamiyendo pake, chala chikuyenda pa zigamba ngati akuziwerenga mapemphero. Lumo mwendo unkangogwedera. Mayiyo anauponda ndi nsapato.

"Mukugwedeza basi yonse."

Kushedi achimwene kunalibe. Kagalimoto kanalipo, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Lumo anatukwana chapansipansi, nadzimangira yekha zingwe za chisoti, mkazi wake akumukokera zipi yakumsana. Wankhuku anadutsa akukankha njinga yake.

"Alamu, mwabwera kudzanyamula mafupa?"

"Ndamva kuti dzulo munasamba osavula," anayankha mayiyo osamuyang'ana.

Mpikisano usanayambe, onse amazungulira kamodzi pang'onopang'ono kuti aone msewu. Lumo anatsogola. Mvula inali ikugwa bwinobwino, yake yeniyeni, imene anaidikira moyo wake wonse. Anatsetsereka kumunsi, nayang'ana mzati wopendekeka, nakonzeka kulowa m'madzi.

Madzi panalibe.

Pabeseni panali phula lakuda, lonyowa chabe ngati msewu wina uliwonse. M'mphepete, ngalande inali ikuimba, madzi akuthamangira pansi mosangalala. Pambali pake panali mulu wa zinyalala, mabotolo, mizu, nsanza, ndipo matope ofiirira omwe chithaphwi chinasiya anali atayala pakati pa kona, pa kamzere kake kenikeni. Kuseri kwa mpanda kunaima achimwene, matope mpaka m'mapewa, waya wautali uli m'manja, akumwetulira mpaka m'makutu. Anakweza manja onse awiri kumubayibitsa.

Lumo anafuna kukuwa, koma m'chisoti ukuwira ndani? Anabwerera pamzere woyambira. Kumanja kwake Wankhuku anakweza galasi la chisoti.

"Waona? Atichotsera bafa!"

Mbendera inagwa.

Ndipo apa mpamene anthu ena amakamba zopusa, kuti Lumo anataya mtima. Bodza! Anayendetsa ngati munthu wothawa moto m'nyumba. M'makona onse oterera ankawadya mmodzimmodzi, dzanja lili phee, Nkhalamba ikulira ngati ikupempha chikhululukiro. Koma pamsewu wowongoka a mainjini aakulu ankamudutsa, ndipo Pabeseni, pomwe dzulo ankawasiya kutali, lero aliyense ankalowa chamkati molimba mtima, kulambalala matope okhawo. Awiri anapita osaonekanso. Lumo anagwira malo achitatu ndi mano. Wankhuku anali kumbuyo kwake, pafupi moti ankamumva injini m'msana. Akamudutsa powongoka, Lumo ankamubwezera pakona. Akamudutsanso, ankamubwezeranso. Kumpanda, mayi uja amene ankati njinga ndi chida cha Satana anali atakwera pa tayala lakutha, ambulera atataya, akukuwa mawu oti kutchalitchi kwawo sangawabwereze.

Ulendo womaliza, Lumo anatsetsereka kupita Pabeseni ali wachitatu. Chikho chinali pamenepo, ankachiona pashelefu, pakati pa mafuta ndi maburashi. Maulendo onse a tsikulo ankadzikumbutsa kuti apewe pakati. Koma tsopano Wankhuku anaika tayala pambali pake, mutu unatentha, ndipo thupi linachita zimene linaphunzira zaka zonse zija. Maso anapita okha pa mzati wopendekeka. Njinga inatsata maso. Tayala lakumbuyo linaponda matope n'kuthawa, Nkhalamba inapotoka ngati nsomba, Lumo anaponya mwendo pansi, naigwira, inde anaigwira, sanagwe, koma anali atatulukira pa udzu. Chofiira chinadutsa.

Anamaliza wachinayi.

Kushedi anazimitsa injini n'kukhalabe panjinga. Mvula inkagogoda pamalata. Kenako anamasula zingwe, navula chisoti, nachipereka kwa mkazi wake ndi manja awiri.

"Msomali uja ulipo?"

Mayiyo analandira, koma maso ake anali pankhope ya mwamuna wake. Anaionapo nkhope imeneyo ikumva ululu wa fupa, anaionapo itakwiya, koma yotere, yozima ngati nyumba yosamukamo anthu, anali asanaione.

Wankhuku anafika akuvina, kachikho kali m'manja, kakang'ono ngati kapu ya tiyi.

"M'dala, usadandaule, ndizibwera nacho pometa uzichiona! Koma amene watsegula ngalande uja Mulungu amudalitse. Chithaphwi chija chikanakhalapo, ine uyu sindikanamuona n'komwe. Palibe akanamuona. Chikho chachikulu chikanapita kwa ometa lero."

"Mwati chiyani?" anafunsa mayiyo.

Wankhuku anayang'ana mayiyo, nayang'ana Lumo, kuvina n'kutha. Anakumbukira mwadzidzidzi kuti akumufuna kwina.

Ndiye achimwene analowa, akukoka waya wawo, nsapato zikulira matope.

"Mwaona, mlamu? Lero palibe wamira! Ndafika kusanayere, ndaikumba ndi manja awa. Munali mpaka nsapato ya munthu mmenemuja. Iwe mwana, wayenda pouma lero, eti?"

Lumo anayang'ana pansi. "Munali njira yanga m'madzi muja, achimwene."

"Njira? M'madzi?"

"Pansi pake. Ndinkaidziwa ndekha."

Kumwetulira kwa achimwene kunatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana manja awo amatope. "Nanga ndinakufunsa dzulo, iwe. Unati kaya. Ine ndimaona mwana wa mayi anga akusowa m'madzi, ndiye ndikanangoima? Ndimafuna ufike kwanu wamoyo."

Mayiyo anaika chisoti pa mpando wa Nkhalamba mwaulemu, ngati akugoneka khanda. Kenako anatembenuka, ndipo a m'mashedi oyandikana anasiya zomwe ankachita.

"Alamu, anakutumani ndani? Ndikufunsa, anakutumani ndani? Mpope wa kukhitchini kwanga ukudontha chiyambire chaka, mumangoti mawa, mawa. Koma ngalande ya eni ake, yomwe palibe anakudandaulirani, mwaidzukira kusanache! Ndipo inu a Lumo musaweramitse mutu ngati mulibe mlandu. Chinsinsi mpaka kwa m'bale wanu? Mpaka kwa ine, amene ndimakusokani? Pakamwa mumatsegula tsiku lonse kushopu, mawu awiri okha anakukanikani?"

"Mlamu, pepani, ine..."

"Pepani ndiika pashelefu? Ine ndinakhoma msomali kuti munthu uyu apume mtima uli m'malo. Ndinati apite kamodzi, mvula imugwere, atenge kachitsulo kakeko, tigone. Mvula yagwa. Munthu wayendetsa, ndaona ndi maso angawa, mpaka mawu andithera. Tsopano taonani nkhope iyi! Inu mukwera kagalimoto kanu, mukasamba, mukagona. Ine ndipita naye kunyumba uyu. Mtambo uliwonse ukadutsa azikaima pawindo. Azikapukuta shelefu yopanda kanthu mpaka thabwa libooke. Ndikapachika chisoti, ndapha munthu. Ndikapanda kupachika, ndikudikira foni ya kuchipatala."

Anatola chisoti chija, nachikankhira pachifuwa pa achimwene, matope ndi matope.

"Gwirani. Mwatsegula ndinu, ndiye munene ndinu. Chisoti ichi chikupita pamsomali kapena chikubwerera pamutu? Musayang'ane waya, alamu, yang'anani ine. Simuchoka pano musanandiyankhe!"